Akatuluka m'chipatala, ndani adzamuyendera?

 Lero tikambirane za munthu amene anadwala matenda a maganizo, anapita kuchipatala, anapeza bwino, ndipo tsopano wabwerera kumudzi. Za tsiku limene anamugwira n'kumumanga timazidziwa tonse, chifukwa mudzi wonse unathamangirako. Koma za miyezi yotsatira atabwerako sitikamba kawirikawiri, chifukwa nthawi imeneyo pakhomo pake sipafika munthu.

Ndiyambe ndi cholakwa changa. Ndikadali pa ntchito ya uphunzitsi, ndinali ndi mnyamata m'kalasi la Giredi 7 amene masamu sankamuvuta konse. Dzina lake ndi mudzi wake sinditchula. Anapita ku sekondale, koma ali mu Giredi 11 anayamba kusowa tulo, kuyankhula yekha, ndi kunena kuti anthu ena akumulondola. Tsiku lina anaswa zinthu m'nyumba, ndipo amalume ake anamumanga ndi chingwe cha ng'ombe, n'kumukweza pa ngolo mpaka kumsewu. Anakhala m'chipatala miyezi iwiri. Anabwerako ali bwino, wodekha, akudziwa aliyense. Ndinakumana naye pamsika, iye n'kundipatsa moni mwaulemu monga ankachitira kusukulu. Ine ndinayankha mofulumira, ndikukankha njinga ngati ndili ndi kothamangira. Kothamangira ndinalibe. Ndinkamuopa basi.

Chaka chisanathe anadwalanso. Amayi ake atandifotokozera pambuyo pake, ndinamva manyazi. Kuchokera pamene anabwerako, palibe mnzake ngakhale mmodzi amene anakhala naye pansi kucheza. Ku mpira ana ankamuloza. Kutchalitchi anthu ankasuntha pa benchi. Iye anauza amayi ake kuti sakuona chifukwa chomwera mankhwala, popeza akamwa anthu amamutcha wamisala, akaleka amamutchanso wamisala. Analekadi.

Mu Marko mutu 5 muli nkhani ya munthu wa ku Gerasa amene ankakhala kumanda, amene anthu ankamumanga ndi maunyolo koma iye n'kumadula. Sindikunena kuti aliyense wodwala maganizo ali ndi ziwanda, ayi, ndipo pa zimenezi ndibwereranso. Chimene ndikufuna muone ndi mapeto a nkhaniyo. Munthu uja atachira, anthu a m'deralo anamupeza atakhala pansi, atavala, nzeru zake zili bwino, ndipo iwo anachita mantha. Iye anapempha kuti apite limodzi ndi Yesu m'ngalawa. Ine ndimamumvetsa. Ndani angafune kubwerera kwa anthu amene anamuona ali maliseche? Koma Ambuye anamubweza kwawo, kwa abale ake. Kuchira kwake kunayenera kukapitirira pakati pa anthu omwewo amene ankamumanga. Mlaliki Marko satiuza kuti ndani anali woyamba kumuitanira nsima, koma alipo amene anayenera kuyamba.

Tsopano tione chimene matendawa ali. Ubongo ndi chiwalo cha thupi monga mtima kapena chiwindi, ndipo umadwala. Pali matenda amene munthu amamva mawu amene ena sakumva, kapena kukhulupirira zinthu zomwe kulibe, monga mnyamata wanga uja. Pali ena amene munthu amakhala masabata angapo ali ndi mphamvu zosaneneka, osagona, kuyankhula osapuma, kugawa katundu, kenako n'kugwa m'chisoni chachikulu. Pali matenda ofala kwambiri koma obisika, a kukhumudwa kwa nthawi yaitali: munthu safuna kudya, safuna kusamba, munda wausiya, amangodziona wopanda ntchito. Mayi wina amasokonezeka masiku ochepa atabereka. Wina chamba kapena kachasu ndiye zamufikitsa pamenepo. Ndipo nthawi zina kusokonezeka kumabwera ndi malungo olowa ku ubongo kapena matenda ena a m'thupi, n'chifukwa chake munthu akasokonezeka mwadzidzidzi, makamaka thupi litatentha, malo oyamba ndi kuchipatala tsiku lomwelo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena mu 2022 kuti munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse anali ndi vuto lina la maganizo. Mukawerenga mitu ya anthu pa Misa ya Lamulungu, mudzaona kuti nkhaniyi si ya kutali.

Khunyu ndilitchule padera, chifukwa kumudzi timaliphatikiza pamodzi ndi misala. Khunyu si misala, ndipo silipatsirana, kaya ndi malovu, kaya ndi mpweya wa munthu wakugwa. Koma odwala khunyu timawasala mofanana, choncho zonse ndikunena pano zikuwakhudzanso.

Mankhwala alipo ndipo amagwira ntchito. Ena ndi mapilitsi a tsiku ndi tsiku, ena ndi jakisoni wobaya pakapita masabata angapo. Koma pali zinthu ziwiri zimene achibale ambiri sauzidwa bwino, kapena amauzidwa ali otopa n'kuiwala. Choyamba, munthu akayamba kupeza bwino sindiye kuti aleke mankhwala. Ambiri amayenera kumwa kwa chaka kapena kuposerapo, ena moyo wonse, monga achitira a shuga ndi a BP. Chachiwiri, mankhwala ena monga chlorpromazine ndi haloperidol amatha kubweretsa tulo tambiri, kuuma kwa khosi, kunjenjemera kwa manja, kutuluka dovu, ndi kuyenda ngati munthu womangika. Anthu akaona zimenezi amati matenda akukula, kapena amati mankhwala a kuchipatala amupusitsa. Zoona zake n'zakuti zimenezi ndi zotsatira za mankhwala, ndipo a kuchipatala akauzidwa amatha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kuwonjezera kapilitsi kena koletsa kuumako. Koma ayenera kuuzidwa. Wodwalayo nthawi zambiri sanena, amangotaya mapilitsi kuchimbudzi. Apa m'pamene pamafunika munthu wina amene amamuona kawirikawiri ndipo iye amamukhulupirira.

Chipatala chachikulu cha matenda a maganizo m'dziko lathu ndi cha Chainama ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 1962. Kuchokera ku Chipata ndi ulendo wa makilomita oposa 550. Zipatala zina zikuluzikulu zimalandiranso odwala otere, koma madokotala a matendawa ndi ochepa kwambiri, ndipo ngakhale akanakhala ambiri, dokotala amaona munthu mphindi zowerengeka pamwezi. Masiku ena onse munthuyo ali ndi ife. Dzina la Chainama lenilenilo tinalisandutsa chipongwe. Ana akamanyozana pabwalo la sukulu ndilo limene amatchula, ndipo ine mphunzitsi ndinkalimva osadzudzula. Boma linasintha lamulo mu 2019. Lamulo lakale la mu 1949, la nthawi ya atsamunda, linkatchula odwala ndi mayina onyoza, pamene latsopanoli limati munthu wodwala maganizo alemekezedwe ndipo asasalidwe. Lamulo ndi labwino, koma silingakwere njinga kukamuona munthu Lachinayi masana.

Anzathu a ku Zimbabwe anayesa chinthu chimene ndikufuna muchimve bwino. Dokotala wina wa matenda a maganizo ku Harare, a Dixon Chibanda, anataya wodwala wawo, mtsikana amene anadzipha ali kumudzi chifukwa banja linalibe ndalama ya basi yobwerera kuchipatala. Dokotalayo anaona kuti kudikira odwala mu ofesi sikukwanira. Mu 2006 anayamba ntchito ku Mbare ndi agogo aakazi 14, amayi wamba a m'deralo. Anawaphunzitsa kumvetsera, ndipo anaika mabenchi a matabwa panja pa kiliniki, pansi pa mitengo. Ntchitoyi inatchedwa Friendship Bench, ndiye kuti benchi la ubwenzi. Munthu wovutika ndi chimene Ashona amati kufungisisa, kuganiza mopitirira, amakhala pa benchipo ndi gogo mpaka maulendo 6. Gogo samuuza chochita. Amamulola kuti atchule mavuto ake onse, kenako amamufunsa kuti asankhe limodzi loyamba nalo, ndipo awiriwo amafufuza njira imene munthuyo angayese sabata imeneyo. Akatha maulendowo amalowa m'kagulu ka anzake, kumene amacheza uku akuluka zikwama zogulitsa.

Akatswiri anayesa njirayi pa anthu oposa 500 m'makiliniki 24 a mu Harare, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2016. Patapita miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchi ndi agogo, pafupifupi 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Ndinene mosabisa kuti benchilo linakonzedwera anthu okhumudwa ndi a nkhawa, osati amene asokonezeka kwambiri. Otere agogo amawatumiza kwa anamwino. Ndiponso agogowo anaphunzitsidwa, sanangodzuka n'kuyamba. Komabe taonani chida chimene anagwiritsa ntchito: benchi, mthunzi, ndi munthu wamkulu wodziwa kusunga pakamwa. Kodi pali mudzi kuno kwathu umene ulibe zitatuzi?

Ku Ulaya, m'dziko la Belgium, kuli tauni yotchedwa Geel. Kwa zaka mazana ambiri anthu ankabweretsa odwala maganizo kutchalitchi cha Dymphna woyera kudzapemphera. Malo ogona patchalitchipo atachepa, mabanja a m'tauniyo anayamba kuwatenga m'nyumba zawo, kudya nawo ndi kulima nawo. M'zaka za m'ma 1930 odwala okhala m'mabanja otere anaposa 3,000, ndipo mwambowu ulipobe mpaka lero, ngakhale kuti chiwerengero chinatsika ndipo chipatala ndicho chimayang'anira. Kumeneko samutchula munthuyo kuti wodwala, amamutchula ngati mlendo wokhala pabanja.

Koma sindikufuna muganize kuti nzeru imeneyi tiyenera kukaitenga kunja. Inu amene muli a msinkhu wanga mukukumbukira zaka za m'ma 1990, ma ARV asanafike kumidzi, pamene Edzi inkatha anthu. Ndani ankasambitsa odwala amene abale awo ankawaopa? Anali amayi a m'mipingo yathu, a Mothers' Union ndi anzawo a mipingo ina, oyenda wapansi ndi kasopo ndi kaufa ka phala pamutu. Pambuyo pake tinakhala ndi anthu odzipereka oonetsetsa kuti wodwala TB wamwa mankhwala tsiku lililonse. Ntchitoyi timaidziwa. Chimene sitinachite ndi kuifikitsa pakhomo la munthu wodwala maganizo.

Nanga bwenzi lotere limachita chiyani kwenikweni? Yankho likhoza kukukhumudwitsani, chifukwa ndi zinthu zazing'ono. Limabwera. Limasankha tsiku, tinene Lachinayi dzuwa litapendeka, ndipo Lachinayi lililonse limafika, mvula kaya dzuwa. Munthu amene wadwala maganizo wakhumudwitsidwa kale ndi anthu ambiri olonjeza, choncho kuli bwino kulonjeza ola limodzi pa sabata n'kukwaniritsa chaka chonse kusiyana n'kubwera tsiku ndi tsiku sabata yoyamba kenako n'kusowa. Mukafika musayambe ndi mafunso a matenda. Mupatseni moni ndi dzina lake kapena la mfunda wake, monga mungachitire ndi munthu wina aliyense. Kambani za mvula, za mtengo wa fetereza, za mpira. Kwa amuna ambiri kucheza kumayenda bwino manja akugwira kanthu: kusewera nsolo, kukonza njinga, kusenda nsungwi. Kwa amayi, kutongola chimanga kapena kusenda nsawawa pamphasa imodzi. Masiku ena sadzayankhula konse. Musathawe chete ameneyo. Abwenzi a Yobu anakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu, ndipo pamenepo anali atachita bwino. Anayamba kulakwa pamene anatsegula pakamwa kumufotokozera chifukwa chake wavutika.

Ndikhalepo pang'ono pa mfundo imeneyi, chifukwa ife a mpingo ndi pamene timapunthwa. Timafika kwa wodwala tili ndi yankho kale: mwina unachimwa, mwina chikhulupiriro chako n'chochepa, mwina azakhali ako anakulodza. Mawu otere agawanitsa mabanja ambiri, ndipo sanachiritsepo munthu. Ena amafika pomuuza kuti ataye mankhwala posonyeza kuti akhulupirira Mulungu. Abale anga, munthu wothyoka mwendo timamupempherera ndipo timamutengeranso kuchipatala kukaika chikhakha, ndipo palibe amene amati tachepa chikhulupiriro. Mupempherereni mnzanuyo, inde, ngati iye wafuna, pemphero lalifupi ndi la mawu ofatsa. Kumuzungulira anthu khumi mukufuula usiku wonse kumamuwonjezera mantha ndi kumulanda tulo, pamene kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimadzutsa matendawa. Mneneri Eliya atathawira kuchipululu n'kupempha kuti afe, mu 1 Mafumu mutu 19, mngelo sanamudzudzule. Anamupatsa mkate ndi madzi, n'kumusiya agone, kenako n'kumudyetsanso.

Akakuuzani kuti akumva mawu kapena kuti anthu akufuna kumupha, musatsutsane naye ndipo musamuvomereze. Mungamuuze kuti inu simukuwamva mawuwo, koma mukuona kuti akumuvutitsa. Kenako dziwani kuti nthawi yopita kukiliniki yakwana. Bwenzi lokhazikika ndi limene limaona msanga zizindikiro zoti matenda akubwerera: masiku awiri kapena atatu osagona, kusiya kusamba, kudzitsekera m'nyumba, kukayikira chakudya, kuyankhula kosadukiza. Zikaoneka msanga, nthawi zambiri ulendo wa panjinga kukiliniki umakwanira, chingwe cha ng'ombe osafunikanso. Dziwaninso tsiku lake lokatenga mankhwala, mumukumbutse, ndipo ngati n'kotheka mupite naye. Pamzere wa kuchipatala munthu amalimba mtima akakhala ndi mnzake, ndipo inu mungathe kuuza anamwino za kuuma khosi kuja kumene iye akuchita manyazi kunena.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kuchisunga mwachinsinsi. Munthu akanena kuti moyo wamutopetsa, kuti kuli bwino atafa, kapena akayamba kutsanzika ndi kugawa zinthu zake, mufunseni molunjika ngati akuganiza zodzipha. Ambiri amaopa kuti kufunsa kumupatsa maganizowo, koma akatswiri anapeza kuti sizili choncho. Kawirikawiri munthuyo amapepukidwa kuti wina wamva. Akavomera, musamusiye yekha. Uzani wachibale wodalirika, chotsani pafupi mankhwala opopera thonje ndi a m'dimba, mankhwala osungira chimanga, ndi zingwe, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Pafoni mungathenso kuimba nambala yaulere ya 933 ya Lifeline, kapena 116 ngati ndi mwana. Zina zonse zimene wakuuzani zithere m'mimba mwanu. Zisamveke pachitsime, ndipo zisamveke ngakhale m'mapemphero a pagulu, paja ena a ife miseche timaipititsa m'pemphero.

Wina afunsa kuti, nanga akandimenya? Funsoli ndi labwino, ndipo ndi mantha omwewo amene anandikankhitsa njinga pamsika paja. Odwala maganizo ambiri sachita ndewu; kawirikawiri iwo ndi amene amamenyedwa, kuberedwa, ndipo atsikana amagwiriridwa. Koma munthu akasokonezeka kwambiri, makamaka ataledzera, akhoza kuvulaza. Mukapeza wakwiya, musamugwire, musamutsekere njira, yankhulani motsitsa, ndipo chokani mukaitane achibale. Poyamba ndi bwino kuyenda awiriawiri, mwamuna kwa mwamuna, mayi kwa mayi, ndipo achibale ndi a mfumu adziwe kuti mumabwera. Za ndalama samalani. Mukayamba kupereka nthawi zonse, ubwenzi umasanduka wa bwana ndi wopempha. Kuli bwino kumuitana pa ganyu n'kumulipira monga mulipira ena, kapena kumubwereka khasu ndi kambewu.

Musaiwale amene amamusamalira. Nthawi zambiri ndi mayi wokalamba, kapena mkazi amene abale a mwamuna akumunena kuti ndiye wachititsa. Iyeyu sapita kumaliro, sapita kumsonkhano wa amayi, chifukwa alibe womusiyira. Mukakhala ndi wodwalayo maola awiri kuti mayiyo akagaye chimanga ndi mtima uli m'malo, mwathandiza anthu awiri. Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la nyumba yotere ndi lolemera kuposa ambiri. Inunso oyendera mudzatopa. Muzikumana awiri kapena atatu kamodzi pamwezi, pamodzi ndi abambo ansembe kapena wazaumoyo wa m'dera lanu, kuti mupepuzane, osatchula zinsinsi za anthu.

Ndipo akayamba kulimba, mpingo umupatse ntchito. Munthu sachira ndi kumveredwa chisoni kokha. Amafuna kuti tsiku lina akasowa, anthu afunse kuti ali kuti, chifukwa pali chimene chaima. Aimbe m'kwaya, aombe belu, ayale mabenchi, awerenge phunziro loyamba. Adzalakwitsa nthawi zina, monga momwe ine ndalakwitsira pa guwa kosawerengeka.

Mnyamata wanga uja tsopano ndi bambo wa imvi zoyamba. Atabwerako kachiwiri ndinapita kwawo, ndili ndi manyazi, ndipo tsiku loyambalo tinangokhala pansi pa mtengo wa mango pafupifupi ola lathunthu, iye akuyang'ana pansi. Sabata yachitatu ndinabwera ndi buku lakale la masamu, ndipo anandisonyeza pamene wolemba bukulo analakwitsa yankho. Kuchokera nthawi imeneyo wadwalanso kawiri, ndipo ulendo wina anandithamangitsa pakhomo, osafuna kundiona mwezi wathunthu. Sukulu sanaimalize. Koma ali ndi dimba la tomato, ndipo ndiye amalemba m'kope ndalama za kagulu kathu kosunga ndi kubwereketsana, chifukwa palibe wina pakati pathu amene amawerengera chiwongoladzanja mwamsanga ngati iye. Jakisoni wake ndi wa Lachiwiri likubwerali, ndipo njinga yanga ili ndi pankchala, choncho mwezi uno ndiye adzandikweza pa yake.